Sitolo yopanda khonde

Inu amene munakula m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 mundivomereza kuti golosale inkadziwika ndi mphuno maso asanaone kanthu. Ukangokwera pa khonde unkalandiridwa ndi parafini, sopo wa Sunlight, buledi wogona, mphira wa machubu a njinga ndi mchere womwe wayamba kunyowa m'thumba, zonse zitasakanikirana n'kukhala fungo limodzi. Pakhonde pomwepo pankakhala telala ndi makina ake a Singer, tepi ili m'khosi, akupalasa ndi mapazi uku akutola nkhani za mudzi wonse. Mkati munkakhala kamdima ndi kachisisira ngakhale mu Okutobala. Kauntala inali ya thabwa, yosalala chifukwa cha zigongono za anthu, ndipo pamwamba pake pankakhala sikelo ndi miyala yake yachitsulo, botolo lalikulu la masiwiti, ndi wailesi ya Nzeru yomwe inkalira kuyambira m'mawa mpaka mabatire atafooka. Kuseri kwake kunkaima mwini sitolo, pensulo ili kukhutu, munthu amene ankadziwa yemwe walandira malipiro, yemwe mkazi wake wabwerera kwawo, ndi yemwe wagula Cafemol kawiri sabata imodzi.

Lero mdzukulu akakuuzani kuti, "Agogo, ndatsegula shopu," musavutike kuvala jekete kuti mukaione. Shopuyo ili m'foni. Katundu ali kunsi kwa bedi, m'chikwama chachikulu cha mizeremizere chija, ndipo mwini wake amagulitsa atagona chagada, chala chikungotsetsereka pa galasi. Khonde palibe, telala palibe, fungo ndiye musatchule n'komwe. Anzanga ambiri a imvi amaseka zimenezi, amati ndi masewera a ana oopa khasu. Koma ana omwewa ndawaona akulipira lendi ndi fizi ndi masewera omwewo, choncho tiyeni tiziseka mosamala.

Kale kutsegula sitolo kunkayamba ndi njerwa. Mpamba unkachokera kutali: wina ankabwera nawo kuchokera ku migodi ya ku Joni atapita ndi Wenela, wina ku mafamu a ku Rhodesia, wina ku fodya, wina ku penshoni ya uphunzitsi. Unkaumba njerwa, kuziotcha, kumanga, kufolera malata, kenako ulendo wa ku boma kukadula laisensi, yomwe unkaipachika pakhoma pafupi ndi chithunzi cha Kamuzu. Ndiyeno kukaoda. M'zaka za m'ma 1970 boma linalamula amalonda achimwenye kuti achoke m'madera a kumidzi akachite malonda m'mizinda ikuluikulu yokha, ndipo Amalawi ambiri analowa m'masitolo omwe anasiyidwa. Katundu ankakamutenga ku Chipiku, n'kumukweza padenga la basi ya UTM kapena kumumanga pa kaliyala ya njinga ndi malegeni, munthu n'kumakankha pa zitunda thukuta lili kamukamu. Tikamakumbukira nthawi imeneyo timakonda kuiwala kuti masitolo ambiri mwa amenewo sanakhalitse. Mpaka lero m'misika ina ya kumidzi mumaona mzere wa nyumba za makonde aatali, zitseko zitakhomedwa, mileme ikuchita ufumu mkatimo. Kukhala ndi nyumba ndi mashelefu kunali kwina, kudziwa malonda kunali kwinanso.

Wa lero sayamba ndi njerwa, koma asakunamizeni kuti amayamba chimanjamanja. Ambiri amayambira pa WhatsApp, kuika zithunzi pa status, kenako Facebook, Instagram ndi TikTok. Kumeneko n'kuyala malonda pa khonde la eni ake: tsiku lililonse akhoza kukutsekera akaunti osakuuza chifukwa, ndipo makasitomala onse amene unasonkhanitsa amapita nayo limodzi. N'chifukwa chake amene malonda awo ayamba kuphuka amafuna tsamba lawolawo la pa intaneti. Choyamba amagula dzina la tsambalo, lothera ndi .com kapena .mw, ndipo dzinalo siligulidwa kamodzi n'kutha. Limalipiridwa chaka ndi chaka, ukaiwala wina akhoza kulitenga. Kenako amachita lendi malo pa makompyuta akuluakulu omwe sazima usana ndi usiku, momwe mumasungidwa zithunzi ndi mitengo. Mashelefu ndi kauntala amabwera ngati pulogalamu. Ena amatenga WooCommerce, yomwe ndi yaulere koma imafuna munthu wodziwa kuilumikiza pa WordPress. Ena amalembetsa ku Shopify, kampani ya ku Canada, komwe zonse zimabwera zokonzakonza koma ndalama yake ndi ya mwezi ndi mwezi, ndipo ndi ya madola. Apa ndi pamene mnyamata wa ku Ndirande amazindikira kuti sitolo yake ili ndi landilodi amene salandira kwacha, m'dziko lomwe madola amasowa ngakhale ku banki.

Za boma nazo sizinathe. Dzina la bizinesi limalembetsedwa ku ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi, nambala ya msonkho imatengedwa ku MRA, ndipo kuyambira mu 2016 tili ndi lamulo loona zochitika za pa intaneti, lomwe limafuna kuti wogulitsa azidziwika kuti ndi ndani ndipo ali kuti. Achinyamata ambiri amadumpha zimenezi poganiza kuti wamsonkho saona m'foni. Amadzazikumbukira tsiku limene sukulu kapena kampani yafuna kugula katundu wambiri n'kupempha invoisi yokhala ndi nambala ya msonkho, malonda n'kupita kwa wina.

Malonda akale anali ndi mwambo wake. Sunkangofika n'kutchula chomwe wadzera. Unkayamba ndi "Odi," kenako "Mwaswera bwanji, bambo?" ndipo ngati unali mwana wotumidwa unkapereka ndalama ndi manja awiri, makobidi atatentha chifukwa chowafumbata njira yonse. Mukukumbukira kuyenda mukubwereza chamumtima kuti shuga, machesi, mchere, n'kupunthwa pa chitsa, zonse n'kuuluka? Kwacha ndi tambala zitalowa m'malo mwa paundi ndi sheleni mu 1971, agogo ena anakana kusintha mutu, ankawerengerabe m'masheleni, ndipo mwini sitolo ankawatembenuzira modekha tsiku lililonse. Mayi ankamasula mfundo ya pa chitenje, kuwerenga kobidi limodzilimodzi, n'kunena kuti, "Ndiye mungondiwonjezerako pang'ono, bambo, ana ndi ambiri." Mwini sitolo ankadandaula kuti mwamupha, komabe ankaponya kabasela, siwiti imodzi kapena kamchere kapamwamba.

Koma ndisakometse mopitirira. Ulemu umenewo nthawi zambiri unkayenda njira imodzi. Sitolo ikakhala yokha m'dera lonse, mwini wake ankatha kukusiya uli chiimire iye akumaliza bawo pa khonde, ndipo ukadandaula kuti buledi wachita nkhungu ankakuuza kuti ukagule kwina, akudziwa bwino kuti kwinako ndi ulendo wa tsiku lathunthu. Makolo athu ankasimba za masitolo a azungu m'nthawi ya atsamunda, momwe munthu wakuda ankagulira pa windo. Ife tinaona zathu: kubwezedwa pa chipata cha msika chifukwa chosowa khadi la chipani. Sikelo nazo sizinali zoyera mtima zonse, ndipo chala cha mwini sitolo nthawi zina chinkalemera limodzi ndi shuga.

Wa lero moni wake ndi "Zingati?" basi. Palibe kufunsa ngati mwadzuka, palibe za ana kunyumba. Wogulitsa naye amayankha mawu amodzi, "Inbox." Apa ndiye ana inu mumandidabwitsa. Mwajambula nsapato, mwaiika poti dziko lonse lione, koma mtengo mwabisa kuti aliyense akufunseni kumbali. Mumati mukuopa opikisana nawo, pomwe wogula akuganiza kuti mukufuna muone kaye chithunzi chake kuti mudziwe mtengo womuyenera. Ku PTC ndi ku Kandodo mtengo unkamatidwa pa katundu, ndipo n'chimene chinkatilimbitsa mtima kulowamo ngakhale m'thumba muli mochepa: unkawerengera wekha mwakachetechete, osachita manyazi pamaso pa munthu. Ubwino waukulu wa tsamba lenileni ndi womwewo. Mtengo, saizi, mtundu ndi kuchuluka kwa zotsala zimalembedwa poyera, ndipo munthu akhoza kugula 2 koloko usiku mwini sitolo akuliza mkonono. Tsambalo silinyoza wovala zigamba, silisiya munthu kudikira chifukwa cha bawo. Pamenepa atiposa, tisakane.

Kudziwitsa anthu za sitolo kale inali ntchito ya tsiku limodzi. Unkaitana wolemba zikwangwani, kumugulira penti ndi Fanta, iye n'kulemba dzina la golosale pamwamba pa chitseko, zilembo zomalizira zitapanikizana chifukwa khoma latha. Zotsalazo ankamaliza ndi amayi pa chitsime. Pa intaneti palibe msewu woti munthu angadutse n'kuona sitolo yako mwangozi. Tsamba latsopano limangokhala phee, lokongola, popanda wolowamo, mpaka mwini wake ayambe kulipira Facebook kuti ionetse anthu malonda ake, kapena kuvina pa TikTok atanyamula chikwama chogulitsa. Ine zovinazo zimandichititsa manyazi, koma ndikukumbukiranso ogulitsa mankhwala a mano pa depoti ya basi amene ankavina kuposa pamenepo.

Chimene chasintha kwambiri, m'kuona kwanga, si foni kapena makompyuta ayi, koma ngongole. Kunsi kwa kauntala iliyonse kunkakhala kope la chikuto cholimba, lakuda ndi mafuta a m'manja, makona atapindika. Pakhoma pankalembedwa kuti wangongole abwere mawa, koma aliyense ankadziwa kuti mawuwo ndi a alendo. Aphunzitsi, alangizi a zaulimi, a zaumoyo ndi amesenjala a khoti, onse anali ndi tsamba lawo m'kopemo. Pakati pa mwezi mwana ankafika n'kunena kuti, "Akuti mundipatse shuga ndi sopo, mulembe," ndipo shuga ankapita, ndalama n'kudzabwera pakutha pa mwezi kapena fodya akagulitsidwa. Pakagwa maliro usiku, anthu ankagogoda pa windo, mwini sitolo n'kudzuka ndi nyali kudula nsalu yoyera ndi kuthira parafini, za ndalama osatchula mpaka maliro atakwiriridwa. Wogulitsa ndiye ankakhulupirira wogula. Ankatero chifukwa ankadziwa nyumba yake, mpingo wake ndi manda a makolo ake. Wothawa ngongole akanathawira kuti? Komabe kope lomwelo linagwetsa masitolo kuposa akuba. Mlamu, msuweni, apongozi, onse ankalembetsa, ndipo ndani akanalimba mtima kukalonjerera apongozi ngongole ya parafini?

Lero zatembenuka. Wogula ndiye amakongoza wogulitsa. Umatumiza ndalama kwa munthu amene sunamuonepo, pa katundu amene sunamukhudze, n'kukhala pansi kudikira. Airtel Money inayamba mu 2012, TNM Mpamba mu 2013, ndipo kuyambira pamenepo ndalama zinasiya kudikira basi. Masamba ena amalumikizidwa ndi makampani olandirira ndalama monga PayChangu, kuti wogula alipire pomwepo ndi foni kapena khadi la ku banki, tsamba lizindikire lokha kuti ndalama yalowa. Ena amangolemba nambala n'kunena kuti mukatumiza muonetse umboni. Pamenepo ndi pamene akathyali a mbali zonse ziwiri amadyera. Wogula wina amatumiza uthenga wabodza wooneka ngati ndalama yalowa, katundu n'kupita. Wogulitsa wina amalandira ndalama n'kuzimitsa foni. Ndani mwa ife sanalandirepo kauthenga kaja koti ndalama ija titumize pa nambala iyi?

Choncho mwana amene akutsegula sitolo ya pa intaneti akupempha anthu chinthu chovuta kuposa chimene mwini golosale ankapempha. Mwini golosale anali ndi nyumba ya njerwa yomwe sikanasamuka usiku. Wa lero chikole chake n'chiyani? Ndi nambala yomwe imayankhidwa ngakhale woimba ali wokwiya, malo enieni omwe munthu angapite akafuna kumuona maso ndi maso, mawu a anthu amene anagulapo kale, ndi kulolera kuti kasitomala watsopano alipire katundu atafika m'manja. Ndaona masamba okongola kwambiri opanda chilichonse mwa zimenezi, ndipo eni ake amadabwa kuti anthu akungoyang'ana osagula. Amati Amalawi ndi otsalira pa zamakono. Ayi, Amalawi anapusitsidwapo, ndipo akukumbukira.

Achinyamata amaganizanso kuti kugula chinthu chomwe sunachione anayambitsa ndi iwo. Kalekale aphunzitsi ndi makalaliki ankasunga mabuku a zithunzi za katundu ochokera kunja, masamba atafewa chifukwa chobwerekana. Unkasankha jekete kapena wotchi, kulemba nambala yake, kugula postal order ku positi, kumata sitampa ndi malovu, n'kuyamba kudikira. Miyezi inkatha. Tsiku lina kapepala kankafika kudzera pa bokosi la sukulu kapena la mishoni koti ukatenge phukusi, ndipo unkapita utasamba bwino. Nthawi zina jekete inkafika manja ake ali aafupi, ndipo unkaivala choncho, chifukwa kubweza kunali kudikiranso miyezi ina. Jeff Bezos atayamba kugulitsa mabuku pa Amazon mu 1995, anangochotsa sitampa ndi envulopu pa malonda omwe analipo kale. Jumia, yomwe inayamba ku Nigeria mu 2012, ndi Takealot ya ku South Africa zinatsata njira yomweyo.

Kungoti Bezos anapeza dziko lake lili ndi nyumba za manambala pa misewu ya mayina. Kuno adiresi ndi nkhani yosimba. "Mukafika pa chigayo mukhotere kumanzere, mudutse mjigo, muona geti lofiira, koma si limenelo, ndi lotsatira lake." Wa kabaza amaima pa mjigo wolakwika akuimba foni, mayunitsi akutha, wogula akuti "Ndakuonani, achimwene," pomwe akuona munthu wina. Katundu wopita ku Mzuzu kapena ku Mangochi amakwera basi kapena amapita ndi makampani onyamula maphukusi, wogula n'kukamutenga yekha ku ofesi yawo. Kale wogula ankadzisenzera yekha pamutu, ndipo mtengo wa ulendo unali wa miyendo yake. Lero ulendowo uli ndi ndalama yake, ndipo ana ambiri amaiwala kuiwerengera poika mtengo, phindu lonse n'kuthera pa mafuta a njinga yamoto.

Chimene ine ndimasowa kwenikweni ndi kukhudza. Amayi athu sankagula chitenje cha Whitex asanachipekese pakona kuti aone ngati kulimba kwake n'kwa ulusi kapena kwa sitachi. Ankachitambasula padzuwa, ena mpaka kuchinunkhiza. Nsapato ya Bata unkaiyesa, wogulitsa akukanikiza chala chachikulu, ndipo bambo ankasankha yokulirapo kuti ukuliremo. Pa foni zala zimangokhudza galasi. Diresi la pa chithunzi limawala, koma likafika umapeza lopyapyala moti dzuwa likudutsa. Vuto ndi loti ambiri amatenga zithunzi za eni fakitale ku China m'malo mojambula katundu amene ali naye m'nyumba. Mtsikana wogulitsa kaunjika amene amachapa, kusita, kujambula pa dzuwa la m'mawa, kuyeza ndi tepi n'kulemba ngakhale pomwe pali kadontho, amagulitsa pang'onopang'ono, koma makasitomala ake amabwerera ndipo amabweretsa anzawo.

Ndikamalira khonde ndi telala, ndimadzifunsanso kuti ndi angati amene ankafika kuseri kwa kauntala ija. Anali amuna, achikulire, a mpamba. Mayi malo ake anali panja, pansi pa mtengo, ndi beseni la zitumbuwa. Lero mtsikana wa ku koleji ku Zomba amaoda zikwama ku Kariakoo ku Dar es Salaam kapena ku Johannesburg, ena mpaka ku Guangzhou osakwera ndege, n'kugulitsa kwa anthu amene sadzakumana nawo moyo wake wonse. Mnyamata wa ku Karonga amapeza ogula mpunga wa Kilombero ku Blantyre popanda venda pakati. Mwana amene ali ku Cape Town kapena ku Leeds amalipira thumba la ufa ndi mafuta ophikira ali komweko, katundu n'kukafika kwa mayi ake ku Ntcheu, pomwe kale ndalama zinkapatsiridwa munthu wopita kumudzi ndipo zinkafika zitaonda.

Zogwetsa sitolo nazo zikadalipo. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene anagulitsa pa mtengo wakale anapeza kuti ndalama yonse ya malonda sikukwananso kuoda katundu yemweyo. Magetsi akazima, netiweki ikavuta, bandulo ikatha, sitolo yatsekedwa ngakhale mwini wake ali maso. Mlamu uja naye sanafe. Masiku ano salembetsa m'kope, amangotumiza uthenga woti mumuponyereko kangachepe, ndipo popeza ndalama ya bizinesi ndi ya ndiwo zili m'foni imodzi, mpamba umatha osaona pomwe wathera. Mwini golosale amene anakhalitsa, ngakhale analekeza Sitandade 4, madzulo aliwonse ankatseka chitseko, kuyatsa nyali, n'kuwerenga ndalama ndi katundu wotsala. Ambiri a inu a madigiri ndikakufunsani ngati mwezi watha munapindula kapena munangozunguliza ndalama, mungayambe kukanda m'mutu.

Ndiye inu adzukulu amene mukufuna kutsegula tsamba, musathamangire kulipira wokongoletsa. Yambani ndi katundu amene mukumudziwa bwino ndi komwe muzikamuoda, mupeze amene azikafikitsa ndi mtengo wake, mupatule nambala ya bizinesi payokha, mugule kope. Tsamba libwere pambuyo, ndipo likabwera mulembepo mtengo. Inu anzanga a nthawi ya UTM, mupemphe mwana akuonetseni podina, muyeseko kugula kamodzi. Koma mukagula kwa mdzukulu wanu mulipire tsiku lomwelo, osati zija za tidzaonana pakutha pa mwezi.